Malemu NyaChavula ndi Tebulo la Nambala 27

Malemu mayi Lettie Luhanga, amene ambiri a ife tinkawatchula kuti NyaChavula, anabadwa pa 14 Malichi 1988 pa chipatala cha mishoni muno mu Mzuzu. Anali mwana yekhayo wa malemu bambo Winston Chavula ndi mayi Mabel Chavula, NyaKayira, amene akhala pafupi ndi bokosi apawa. Abusa, akuluakulu a mpingo, mafumu athu, a banja la a Luhanga ndi nonse amene mwabwera kudzalira nafe, monire mose. Ine ndine Rodney Chavula, mng'ono wa a Winston, ndiye kuti bambo aang'ono a malemuwa. Sindinadzisankhe ndekha kuti ndiime pano. Malemu eni ake anasiya mawu kwa amuna awo kuti tsiku likadzafika mbiri yawo ndidzawerenge ndine, ndipo ndisadzadumphe chaka chilichonse. Mupirire nane, chifukwa chilipo chaka chimene ndikanakonda kuchidumpha.

Mu 1994 anayamba sukulu ya pulayimale ku Katoto, komwe banja linkakhala. Abambo awo anali kalaliki, amayi awo anali telala wa pakhonde. Amene munakulira ku Katoto zaka zimenezo, ambiri a inu yunifolomu yanu yoyamba inatuluka pa makina a NyaKayira, makina akuda opondera ndi mapazi amene anagula okha asanakwatiwe n'komwe. Malemuwa ali aang'ono ankakhala pansi pa makinawo n'kumatola tizidutswa ta nsalu. Anzawo ankavekera zidole, koma iwo ankangotiyala pawindo, aka apa, aka apo, kenaka n'kuitana akuluakulu kuti tidzaone. Ukangokhudzapo kamodzi, mlandu. Tinkawaseka kuti akadzakula adzakhala ogulitsa kaunjika.

Pa 9 Ogasiti 1998 abambo awo anatisiya atadwala miyezi itatu. Malemuwa anali ndi zaka khumi. Chaka ndimanena chija ndi chimenechi. Patangotha masiku anayi chiikireni maliro, ife achibale a mwamuna tinafika pakhomo ndi lole. Tinati katundu ndi wa m'bale wathu, ndipo poti wasiya mwana wamkazi yekha, timusungira ndife. Tinanyamula mipando, kabati ndi mbale zake zomwe, bedi, wayilesi. Makina osokera aja NyaKayira anawagwira ndi manja awiri, akunena kuti awa okha ndi awo. Amene anawachotsa manjawo ndine. Makinawo anapita kunyumba kwanga ku Geisha, chonsecho mkazi wanga sadziwa ngakhale kulowetsa ulusi pasingano. Malemuwa anaima pakhomo, osalira. Pasimenti ya khonde panatsala zipsera zinayi pamene pankakhala miyendo ya makina, ndipo lole ikunyamuka ndinawaona atanyonyomala akuyang'ana pamenepo.

Kuchokera apo mayi ndi mwana anasamukira m'kachipinda kamodzi ku Luwinga. NyaKayira anayamba kuphika mandasi ndi kuchapira zovala ana a ku yunivesite. Ife amene tinati tisungira mwana sitinapondeko. Mu 2002 malemuwa anasankhidwa kupita ku sekondale ya Katoto, ndipo mu 2005 anakhoza bwino mayeso a Fomu 4. Mu 2007 anapita ku yunivesite ku Zomba komwe anaphunzira za uphunzitsi ndi zojambulajambula, n'kumaliza mu 2011. Chaka chomwecho anabwerera kuno kudzaphunzitsa ku sekondale. Ambiri mwa achinyamata amene mwavala zakuda kumbuyoko anali ana awo a sukulu.

Atayamba ntchito anabwera okha ku Geisha kudzandilonjera. Anagwada, n'kunditchula kuti adada, ndipo za makina sanatchule tsiku limenelo kapena tsiku lina lililonse. Ine ndinati ubwana, anaiwala. Pa 5 Okutobala 2013 anakwatiwa ndi bambo Gomezgani Luhanga mu tchalitchi muno, ndipo amene anawalowetsa atawagwira dzanja ndinali ine ndemwe, suti yanga ili nyezinyezi, manyazi kulibe. Chiuta anawadalitsa ndi ana awiri, Wiza mu 2015 ndi Tina mu 2018.

Mu Febuluwale 2022 anapeza mwayi wokachita digiri yachiwiri pa yunivesite ina ku South Africa. Titamva kuti akukaphunzira kukonza zionetsero za zaluso, abale tinayang'anana. Tinafunsana kuti kupachika zithunzi pakhoma nakonso kumafuna masitazi? Si hamala ndi msomali basi? Malemuwa anaseka nafe, kenaka anatifotokozera. Anati ntchito yake ndi kusankha chimene anthu aone, kuchiika pamalo poti sangachilambalale, ndi kulemba pansi pake mawu oona. Anati maphunziro awowo makamaka anali oti chionetsero chisamangosangalatsa maso, koma munthu akatulukamo azikachita china chimene sakanachita. Lamulo limodzi la ntchitoyo ankalibwereza kawirikawiri: chinthu chilichonse chimene chaikidwa poti anthu aone chikhale ndi kakhadi konena kuti n'chiyani, n'cha yani, ndipo chafika bwanji pamenepo. Kuti alandire digiriyo anayenera kubwera kwawo, kukonza chionetsero chawochawo, ndi kulemba buku lofotokoza chimene chasintha.

Mu Julayi 2023 anabwerera ku Mzuzu n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo kwa amayi amasiye amene analandidwa katundu amuna awo atamwalira. Ankayenda ndi kope ndi tepi yoyezera. Funso lawo linali limodzi: pa zonse zimene anakulandani, n'chiyani chimene mumachionabe mukatsinzina? Mayi akatchula, ankamupempha kuti asonyeze ndi manja kukula kwake, iwo n'kuyeza mpata umene unali pakati pa manjawo. Anthu ankaganiza kuti akusonkhanitsa katundu wokagawira amasiye. Sanasonkhanitse kanthu. Miyeso ija anakaipereka kwa kalipentala kuti akhome matebulo makumi awiri ndi asanu ndi awiri, lililonse molingana ndi chinthu chake, n'kuwapaka penti yoyera.

Chionetserocho chinatsegulidwa Loweruka pa 8 Juni 2024 m'chinyumba chakale chosungiramo katundu ku Luwinga. Amene munalipo mukukumbukira nkhungu ya m'mawa umenewo, inalowa mpaka m'kati chifukwa mawindo ena analibe magalasi. Munali matebulo oyera atandandalika, ndipo pa onsewo panalibe kanthu. Pa lililonse panali kakhadi kokha: dzina la chinthu, dzina la mwini wake, tsiku limene chinachoka pakhomo, ndipo mzere womaliza unali ndi liwu limodzi loti "Wobweza", kutsogolo kwake osalembapo. Dzina la wolanda sanalembe ngakhale limodzi. Pakhomo anthu ankalowa akuseka kuti tabwera kudzaonera matebulo, koma akayenda pang'ono phokoso linkatha lokha. Ndinaona abambo akuvula zipewa ngati alowa m'siwa. Mayi wina anaima pa tebulo lake n'kuyamba kupukuta m'malere ndi nsonga ya chitenje, mosamala, ngati akupukuta wayilesi imene ife sitikuiona.

Ine anandiitana ndi kalata. Nditafika anandigwira dzanja monga ndinawagwirira pa ukwati, n'kundiyendetsa tebulo ndi tebulo mpaka lomaliza, la nambala 27, limene linali pakona. Pakakhadi analemba kuti makina osokera a mayi Mabel Chavula, NyaKayira, anachoka ku Katoto mu Ogasiti 1998. Anandisiya ndiwerenge mpaka mzere wopanda dzina uja, kenaka anandithokoza pobwera. Ine ndinati zili bwino chomene, mwalimbikira mama, n'kutuluka kukakwera minibasi.

Moyang'anana ndi chinyumbacho muli golosale ya mayi Lukiya Haruni, amene anachokera ku Mangochi ndi amuna awo kalekale. Mayiwa ndi amene ankasunga kiyi wa chinyumbacho, ndipo tebulo la nambala 4 linali la sikelo yawo imene adzukulu a mwamuna anatenga. Sabata yachitatu, pokatsegula m'mawa, anapeza thumba pakhomo, m'kati muli sikelo ija ndi miyala yake yonse. Mbiri inawanda. Kenaka panabwera njinga, kenaka mbaula, chithunzi cha ukwati, wayilesi ya mayi uja. Ena ankasiya pakhomo n'kuthawa, ena ankalowa masanasana n'kulemba maina awo misozi ili chuchuchu. Malemuwa ankavala magolovesi oyera polandira chilichonse, ngakhale khasu, n'kuliika pa tebulo lake kwa sabata imodzi mwini wake asanasankhe kulitenga kapena kulisiya. Pofika Seputembala matebulo onse anali atalandira zinthu zake, kupatula la pakona.

Mwezi womwewo mphunzitsi wawo wamkulu anabwera kuchokera ku South Africa kudzaona. Anati zimene zachitika n'zokwanira ndi kupitirira, atseke chionetsero, alembe mutu womaliza, atumize buku, digiri yatheka. Malemuwa anakana mwaulemu. Anati chionetsero sichinathe, ndipo sangalembe kuti chatha. A Luhanga anawanyengerera, amayi awo anawanyengerera, koma amene munkawadziwa mukudziwa kuti akati ayi ndi ayi. Anapempha yunivesite kuti iwaonjezere nthawi. Tsiku lililonse m'mawa ankapita ku Luwinga, kupukuta tebulo lija, n'kukhala pampando moyang'ana kukhomo. Ine zonsezi ndinkazimva.

Zimene ndinene tsopanozi, abusa mundikhululukire. Ndine mkulu wa mpingo, sindikhulupirira zamizimu, ndingonena zimene zinamveka. Mu Okutobala, tsiku lina dzuwa lili paliwombo, chinyumba chili chokhoma, mayi Lukiya anamva makina osokera akulira m'katimo. Anati mwina NyaChavula alandira makina awo. Anaitana amayi awiri amene anali mugolosale, n'kukatsegula. Munali zii. Tebulo la pakona linali lopanda kanthu monga kale, koma pafumbi lake panali zipsera zinayi, ndi kadontho ka mafuta pakati. Malemuwa atauzidwa sanachite mantha. Anayang'ana, analemba tsiku mukope, n'kupukuta. Mawa lake masana zipsera zinalipo. Anthu ena anasiya kudutsa njira imeneyo nthawi ya nkhomaliro, ena ankachita kubwera kudzaima panja kuti amve okha.

Chimene simukudziwa n'chakuti nako ku Geisha sikunali bata. Makinawo ankakhala m'kachipinda kosungiramo chimanga, atafunditsidwa bulangete lakale, ndipo lamba wake anaduka zaka zambiri zapitazo. Lamulungu lina titaweruka kutchalitchi, mkazi wanga analowa kukatenga ufa, n'kupeza chopondera chikugwedezeka chokha, pang'onopang'ono, ngati munthu wangochotsapo phazi. Ine ndinati ndi makoswe. Ndinagula loko watsopano, kiyi n'kumayenda naye m'thumba. Kuyambira pamenepo, dzuwa likafika pamutu, tinkamva. Silinali phokoso lalikulu. Ankasoka pang'ono, n'kuima monga amachitira telala akamatembenuza nsalu, n'kuyambanso. Mkazi wanga anayamba kukadyera nkhomaliro kwa achemwali ake. Ine ndinayamba kupeza zochita m'tauni masana alionse.

Mukufunsa mumtima kuti nanga osangobweza bwanji, ndipo funso limenelo n'loyenera. Ndinkaopa kakhadi kaja. Anzanga anali ndi mwayi wosiya pakhomo n'kuthawa, koma ine tebulo linatsala limodzi, ndipo Mzuzu yonse ikanadziwa kuti makina achokera kwa mkulu wa mpingo amene amaimirira kutsogolo kulangiza maanja. Kawiri ndinapangana ndi mwini galimoto, kawiri ndinamuimbira kuti tisinthe tsiku. Ndinkati mawa, Khirisimasi ikadutsa, mvula ikachepa. Akulu anati zengerezu analinda kwawukwawu, ndipo mwambi umenewu ndauphera achinyamata ambiri m'mudzi muno ndisanadziwe kuti ukunena ine.

Mu Novembala 2024 malemuwa anayamba kudandaula mutu ndi kufooka. Atapita kuchipatala madokotala anapeza khansa ya m'magazi. Ndikutsindika pamenepa: chimene chawatenga ndi matenda amene madokotala anawaona ndi kuwatchula dzina. Pasapezeke wina wochoka pano n'kumakanena kuti alodzedwa, kapena kuti aphedwa ndi makina. Mu Disembala anawatumiza ku Lilongwe komwe anakhala sabata zisanu, ndipo mu Januwale chaka chino anabwerera kudzagonekedwa kuno. Ali pabedi ankafunsabe a Luhanga tsiku ndi tsiku ngati mayi Lukiya atsegula, ndiponso ngati kwabwera munthu.

Pa 13 Febuluwale ndinapita kukawazonda nthawi ya masana. Ndinawapeza ali m'tulo, atawonda kwambiri, koma mapazi awo ankayenda pansi pa bulangete, onse awiri pamodzi, kutsika ndi kukwera. A Luhanga anandinong'oneza kuti amatero masana alionse, ndipo anamwino anatopa n'kuwakonzera zofunda. Malemuwa sanaphunzirepo kusoka, makina anachoka asanafike msinkhu woti mapazi afike pachopondera. Atadzuka anandilonjera bwinobwino, anafunsa za amayi kunyumba, kenaka anandifunsa ngati ku Geisha masiku ano kumakhala bata masana. Ndinayankha kuti inde, kuli bata. Anandiyang'ana nthawi yaitali, n'kunena kuti yewo adada, muyende bwino. Amenewo ndiwo mawu omaliza amene ndinamva kwa iwo, ndipo anga omaliza kwa iwo anali bodza.

Lolemba pa 17 Febuluwale mvula inandiletsa kupita m'tauni. Nthawi itakwana makina anayamba, koma tsiku limenelo sanaime kuti atembenuze nsalu. Anathamanga osapuma mpaka mbale za m'kabati zinayamba kulira, kenaka anangoti zii. Ndinatenga kiyi n'kutsegula, koyamba chikhomereni. Munalibe munthu, bulangete linali m'malo mwake ndi fumbi lake. Nditapisa dzanja pansi pake ndinapeza gudumu lili lofunda. Ndidakali chiimire pomwepo foni inalira, anali a Luhanga. Malemuwa anatisiya nthawi itangopitirira 12 koloko masana, ali ndi zaka 36. Buku lawo analisiya lonse litalembedwa kupatula mutu womaliza, ndipo digiri imene anaivutikira zaka zitatu sanailandire.

Lachiwiri m'mawa ndinakweza makinawo pagalimoto n'kupita nawo kusiwa kwa alamu anga NyaKayira. Ndinagwada pamaso pa amayi onse amene anali m'nyumbamo. Alamu sanawakhudze. Anati makinawo ankawafuna mu 1998, pamene mwana ankapita kusukulu ndi yunifolomu yosokedwa pamanja usiku, poti usana sunkakwanira. Lero maso anatha, singano sangaione. Anati ndipite nawo kumene mwana anawakonzera malo, ndikachite zimene zinalembedwa pamenepo. Dzulo Lachitatu mayi Lukiya anatitsegulira. A Luhanga anandipatsa magolovesi oyera a akazi awo, ndipo tinakweza makinawo pa tebulo. Miyendo inayi inakhala ndendende pazipsera zija, osasuntha ngakhale pang'ono. Kakhadi kaja tsopano kakuti: makina osokera a mayi Mabel Chavula, NyaKayira, anachoka ku Katoto mu Ogasiti 1998, wobweza, Rodney Chavula, mlamu wawo, amenenso anawalanda. Mawu omalizawo panalibe mzere wake, ndawaonjezera ndekha.

Malemuwa asiya amuna awo bambo Gomezgani Luhanga, ana awiri Wiza ndi Tina, amayi awo NyaKayira, apongozi awo ku Rumphi, ndi ife abale a abambo awo. Poti lero tili pamaliro a munthu ameneyu, ndinene pamaso pa mafumu kuti kunyumba kwa a Luhanga sikuchoka ngakhale supuni. Zovala, mabuku ndi makope awo onse ndi za ana awo. Buku lija a Luhanga alitumiza ku yunivesite momwe liliri, ndipo chimene akagamule kumeneko sitikuchidziwa.

M'malo mwa mabanja onse awiri ndikuthokoza madokotala ndi anamwino a kuno ndi a ku Lilongwe, abusa ndi amayi a chigwirizano amene akhala nafe kuyambira Lolemba, makwaya, aphunzitsi anzawo, adzukulu amene akonza nyumba ya malemu kumanda, ndi mayi Lukiya amene atseka golosale masiku atatu. Ndikuthokozanso amayi makumi awiri ndi asanu ndi mmodzi amene akhala pamodzi kumanzereku, eni matebulo aja, amene apempha kuti nkhata yoyamba aike ndi iwo. Yewo chomene. Chinyumba cha ku Luwinga chikhala chotsegula mpaka Lamulungu, amene mukufuna kaoneni, dzina langa mukalipeza.

Alamu anga ndawapepesa, sanandiyankhe, ndipo lero si tsiku loti ndiwaumirize. Malemuwa anandidikira zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi osakweza mawu, ine ndafika atachoka. NyaChavula, mwana wa mkulu wanga, tebulo lanu ladzaza, mukhoza kutseka tsopano. Chiuta awalandire, ndipo mzimu wawo uuse mumtendere.